Udzu wa pabwalo m'chigwa cha Shire: kapinga, buffalo, LM, paspalum kapena kikuyu?

Chaka chimene ndinayamba kuphunzitsa ku Ngabu ndinkafunitsitsa pabwalo pobiriwira ngati pa nyumba zimene ndinkaziona ku Namiwawa. Ndinagula matumba anayi a kikuyu ku Blantyre, n'kuwakweza pa minibasi, kutsika nawo phiri la Chikwawa, kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu mpaka kunyumba. Ndinabzala mu Febuluwale mvula ikugwa. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukuwomba, udzu uja unakongola moti ana ochokera kusukulu ankaima pampanda kuuyang'ana. Okutobala atalowa unayamba kufiira kuyambira m'mphepete. Tinkatunga madzi pamjigo m'mawa ndi madzulo, koma pofika Novembala panatsala fumbi ndi timitsitsi touma tothothoka ndi chala. Pakona ya mpanda, pamene sindinabzalepo kanthu kapena kuthirapo ngakhale kapu imodzi, kapinga womera yekha anali atayala mphasa.

Agogo aamuna a nyumba yoyandikana nane anandipeza nditaima pamenepo. Anati, "Aphunzitsi, udzu wanuwu ndi wa kumapiri. Kuno muzibzala umene mbuzi zalephera kuumaliza." Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kusankha udzu ndi maso. Ndimayamba ndafunsa kuti madzi achokera kuti, ndi amchere kapena ayi, nanga pamalopo dzuwa limafika maola angati.

Mafunso amenewa ndi olemera kuno kuposa kwina kulikonse m'Malawi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Mvula m'madera ambiri imakhala pakati pa mamilimita 600 ndi 800 pachaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, kusiya miyezi isanu ndi iwiri kapena isanu ndi itatu ya ng'amba. Mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere. Dothi nalo silimodzi: kuli makande akuda amene amang'aluka m'chilimwe n'kumata ngati phala m'dzinja, kuli mchenga wa m'mphepete mwa mitsinje, kulinso malo amene pamwamba pamachita mbuu ngati pawazidwa ufa. Onjezani madzi osefukira, mthunzi wa nimu umene uli pafupifupi pakhomo lililonse, ndi mbuzi zongoyendayenda anthu akakolola. Udzu umene mukufuna kubzala uyenera kukumana ndi zonsezi.

Kapinga ndiye mwini dera

Akatswiri a zomera amamutcha Cynodon dactylon, ndipo ku America amamutcha Bermuda, ngakhale kuti kuno ku Africa wakhalapo kuyambira kale. Mphamvu yake ili pa mmene amayendera. Ali ndi nthambi zoyanga pamwamba pa nthaka zimene zimazika mizu pa mfundo iliyonse, komanso ali ndi mitsitsi ina yoyera, yolimba ngati waya, yoyenda pansi pa nthaka. Chilala chikafika masamba amauma n'kuoneka ngati wafa, pamene moyo wathawira m'mitsitsi ya pansiyo. Mvula yoyamba ya chizimalupsa ikangonyowetsa, pakatha mlungu umodzi mumaona timasamba tobiriwira tikutuluka m'fumbi. Mbuzi zikabudula, ana akaponda ndi mpira, ng'ombe zikadutsapo popita kumadzi, iye amadzimanganso kuchokera pansi. Kutentha kumene kumapha udzu wina, iye ndi pamene amakula msanga, bola papezeke chinyezi. Madzi amchere pang'ono amawapirira bwino ndithu.

Chinanso chimene ndimamukondera n'chakuti sagulidwa. Ali m'mbali mwa msewu wa M1, m'mabwalo a mpira, m'mphepete mwa ngalande ndi m'madambo. Mumangotenga khasu n'kukagwaza kumene wamera mothinana ndi masamba ang'onoang'ono. Musatenge wa misinde ikuluikulu yofiirira amene amayanga motalika m'malo odyetsera ng'ombe. Ameneyo ndi mbale wake, wabwino kudyetsa ziweto, koma pabwalo sayala bwino, amangotukumuka.

Zoipa zake ziwiri ndizinene mosabisa. Choyamba, kapinga sagwirizana ndi mthunzi. Amafuna dzuwa la maola asanu ndi limodzi kapena kuposerapo patsiku. Pansi pa nimu kapena mango amatalika ngati ulusi, kupyapyala, kenako n'kutha, ndipo feteleza kapena madzi sizingamubwezeretse. Chachiwiri, sadziwa malire. Mlimi wa thonje kapena wa chimanga cha kudimba amamudziwa ngati mdani, chifukwa kadutswa kamodzi kotsala m'dothi kamameranso. Ngati muli ndi kamunda ka ndiwo zamasamba pafupi ndi bwalo, zikani njerwa kapena siyani kangalande pakati, ndipo mwezi uliwonse muzidula nthambi zimene zawoloka. Mukazengereza chaka chimodzi, mpiru wanu mudzaufuna pakati pa kapinga.

Ena amafunsa za kapinga wosalala kwambiri wa m'mabwalo akuluakulu a masewera. Wotchuka ndi Tifway, amene anatulutsidwa mu 1960 ku Tifton, m'chigawo cha Georgia ku America, ndipo ndi mwana wa kapinga wamba ndi mtundu wina wa masamba ang'ono wa ku South Africa. Ameneyu sabereka njere zomera, amafuna makina otchetcha pansi kwambiri kawiri pamlungu, feteleza pafupipafupi ndi madzi a m'payipi. Pakhomo lotunga pamjigo n'kutchetcha ndi chikwakwa, wamba uja ndiye woyenera.

Pansi pa mitengo

Vuto la makomo ambiri kuno n'lakuti pamene timafunitsitsa udzu ndi pamene timakhala masana, pansi pa mtengo, ndipo pamenepo kapinga sakhalapo. Apa mpikisano uli pakati pa buffalo ndi LM.

Buffalo ali ndi masamba otambalala, obuntha kunsonga, ndi nthambi zonenepa zoyanga pamwamba. Kwawo ndi m'mphepete mwa nyanja zamchere, choncho kutentha ndi mchere sizimuopsa. Amachita bwino pamthunzi wa apo ndi apo komanso padzuwa, ndiye ndi woyenera pabwalo pamene m'mawa pali dzuwa, masana mthunzi. Akayala mothinana amatsekereza udzu wachilendo. Koma alibe mitsitsi yoyenda pansi pa nthaka. Moyo wake wonse uli pamwamba, ndipo mukamutchetcha mpaka kukanda dothi, kapena mukamusiya miyezi iwiri yotentha osathirira, pouma pamakhala pouma. Pofika poti patsekekenso mudikira nthawi, chifukwa amayenda pang'onopang'ono.

LM anatengera dzina ku Lourenço Marques, dzina lakale la Maputo, ndipo ku South Africa amamutchanso Berea. Ndi wofewa kumapazi, wobiriwira mowalirako, ndipo pa udzu wonse umene ndikukamba pano ndi amene amapirira mthunzi kwambiri. Pansi pa mango akuluakulu, pamene dzuwa limangodontha pakati pa masamba, LM amayala ndithu. Kufooka kwake ndi mapazi. Pamene pamadutsa anthu popita kukhitchini, kapena pamene ana amasewera fulaye tsiku ndi tsiku, amafa n'kusiya njira. Mizu yake sipita pansi kwambiri, ndiye padzuwa la Okutobala popanda madzi amapserera msanga.

Ine pa awiriwa ndimatsamira kwa buffalo, chifukwa madzi athu ambiri ali ndi mchere ndipo makomo athu ndi odzaza ana. LM ndingamuike pakona yabata, kuseri kwa nyumba, pamene madzi osambira amatsikira. Koma onse awiri ali ndi malire. Pansi penipeni pa nimu wamkulu, pafupi ndi tsinde, mdima umachuluka ndipo mizu ya mtengo imamwa chinyezi chonse. Pamenepo musavutike. Sadzani nthambi za m'munsi kuti kuwala kulowe, udzu uyambire patali ndi tsinde, ndipo pafupi ndi tsindelo pakhale posesa ndi poika mpando.

Za kikuyu sinditalikitsa. Kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Africa, monga ku Kenya, kozizira ndi kwa mvula yambiri. N'chifukwa chake amasangalala ku Thyolo, ku Zomba, ku Dedza ndi m'madera okwera a Blantyre. Kuchigwa amakunyengani m'miyezi ya mwera, kenako n'kulefuka kutentha kukafika, ndipo kuti mumusunge pamafunika madzi ochuluka kuposa amene banja lingatunge. Amene ali ndi mpope wosauma komanso bwalo la mthunzi wa madzulo akhoza kuyesa, koma ndalama yomweyo akanagulira buffalo akanagona tulo.

Pamchere ndi polowa madzi

Dzina loti paspalum limasokoneza, chifukwa pali mitundu iwiri yosiyana kwambiri imene imatchedwa choncho. Wina ndi bahia, wochokera ku South America: masamba olimba, mizu yozama, wosafuna feteleza wambiri, wokhoza kumera pamchenga wosauka. Amagwira dothi bwino pamalo otsetsereka ndipo akakhazikika safuna kulera. Koma amachedwa kuyala, masamba ake amabunthitsa chikwakwa, ndipo m'dzinja amatulutsa ngayaye zazitali za mphanda ziwiri mlungu uliwonse. Mchere sapirira kwenikweni. Ndi woyenera pabwalo la tchalitchi kapena la sukulu la dothi lamchenga, pamene cholinga ndi kuletsa fumbi ndi kukokoloka osati kukongoletsa.

Winayo ndi paspalum wa m'mphepete mwa nyanja, Paspalum vaginatum. Pa nkhani ya mchere palibe wofanana naye. M'mayiko ena amathirira mabwalo a gofu a udzu umenewu ndi madzi amene udzu wina ungapse nawo. Amapiriranso pamalo pamene madzi amakhalitsa. Ngati mjigo wanu madzi ake ndi oti sopo sachita thovu ndipo tiyi sakoma, kapena bwalo lanu ndi lotsika loti mvula ikagwa madzi amaima masiku angapo, ameneyu ndiye wofunika kumufunafuna. Sapezeka wamba, ndipo mthunzi saukonda, ndiye mukapeza mbewu yambani ndi kabedi kakang'ono padzuwa, muchulukitse nokha.

Madzi osefukira sitingawalumphe. Amene tinaona Januwale wa 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa zimene Shire, Ruo ndi Mwanza amasiya akaphwera: matope ndi mchenga wokwirira chilichonse. Udzu wa mitsitsi ya pansi pa nthaka, monga kapinga ndi paspalum wa kunyanja uja, umatha kuboola matope osakhuthala kwambiri n'kuyambiranso. Buffalo ndi LM akakwiririka amaola. Choncho kwa a kutsidya kwa Shire, ku Makhanga, ndi onse okhala pafupi ndi madambo, kusankha sikuvuta. Madzi akaphwera, palani matope okhuthala ndi fosholo akadali ofewa, musadikire kuti aume n'kukhala chigamba. Ndipo ngati madzi amathamanga podutsa pakhomo panu, bzalani mzere wa vetiva kumtunda kwa bwalo kuti uchepetse liwiro. Udzu wa pabwalo paokha sungaimitse madzi othamanga.

Kuwerengera ndowa musanagwire khasu

Apa ndi pamene ambiri timalakwa, ndipo ine ndinalakwa pomwepa. Milimita imodzi ya madzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi ndi lita imodzi. Kuti udzu ukhale wobiriwira m'chilimwe umafuna mamilimita pafupifupi 25 pamlungu, ndipo mu Okutobala kuno umafuna kuposa pamenepo. Bwalo la mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi ndiye kuti likumwa malita 2,500 pamlungu. Zimenezi ndi ndowa 125 za malita 20. Ndani azisenza? M'makomo ambiri ndi amayi ndi ana aakazi, amene ali kale ndi mitolo ya madzi akumwa, ophikira ndi ochapira, pamjigo wa mzere wautali. Sindiona chilungamo pa bwalo lobiriwira limene mtengo wake ndi khosi la mwana.

N'chifukwa chake ndimalangiza bwalo laling'ono. Mamita 4 mulitali ndi 5 mulifupi ndi malo okwanira kukhalapo banja madzulo, ndipo amamwa ndowa 25 pamlungu, zimene zambiri zingachokere ku madzi otsukira mbale, osambira ndi otsukuluzira zovala. Madzi amenewa muziwasinthasintha pothira, ndipo amene muli mankhwala oyeretsera zovala musawathire pa udzu. Ndi kapinga muli ndi mwayi winanso: mukhoza kumusiya agone kuyambira Ogasiti mpaka mvula, aoneke wofiirira koma akugwirabe dothi. Ndi buffalo kapena LM mwayi umenewu palibe, ndowa ziyenera kuyenda chilimwe chonse. A ku Nchalo ndi ena amene ali pafupi ndi ngalande zothirira kapena mipope yodalirika ali ndi ufulu wosankha wochulukirapo, koma nawonso bilu ya madzi imabwera.

Kathiriridwe nako n'kofunika, makamaka ngati madzi ali ndi mchere. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumasiya mchere pamwamba madzi akauma, ndipo mizu imazolowera kukhala pamwamba pomwepo. Ndi bwino kuthira kwambiri kawiri pamlungu, m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, kuti madzi alowe pansi n'kutsitsa mchere kunsi kwa mizu. Pamakande musadikire kuti dothi ling'aluke, chifukwa likatero madzi amangothawira m'ming'alu, udzu osapeza kanthu.

Ndisaiwale njira imene makolo athu anasankha, yosabzala udzu n'komwe. Bwalo losesedwa m'mawa uliwonse silimwa madzi, njoka kapena chinkhanira chimaonekera patali, ndipo ndi poyanikira mapira, chimanga ndi masawu. Mtengo wake ndi fumbi, kutentha kobwerera kukhoma masana, ndi dothi limene limapita ndi tsache mpaka maziko a nyumba kuonekera. Kwathu tinagawa pakati: kuzungulira nyumba ndi pansi pa nimu timasesa, kutsogolo kwa khonde kuli kapinga, ndipo kumbali kwa bafa, pamthunzi wa mango, kuli kachigawo ka buffalo.

Kubzala ndi kusamala

Nthawi yobzala ndi pamene mvula yakhazikika, kumapeto kwa Disembala kapena mu Januwale, kuti mitambo ikuthirireni. Limani mozama ngati mpeni wa khasu, chotsani miyala ndi mitsitsi ya udzu wachilendo, makamaka dawe, amene timbatata take tikatsala m'dothi timadzavutitsa zaka zambiri. Sakanizani manyowa a m'khola owolerana bwino. Kuno ng'ombe ndi mbuzi zilipo, manyowa sasowa, koma aawisi amabweretsa njere za udzu ndipo amaitana chiswe. Pamakande onjezani mchenga wa kumtsinje wochuluka pamodzi ndi manyowawo pamwamba. Salazani kuti bwalo lipendekere pang'ono kutali ndi nyumba.

Dulani nthambi za udzu m'zidutswa za mfundo zitatu kapena zinayi, muziike m'tingalande totalikirana masentimita 20 mpaka 30, mukwirire n'kusiya nsonga panja, kenako mupondepo ndi phazi. Kapinga akapeza mvula yabwino amatseka m'miyezi iwiri kapena itatu. Buffalo mubzale mothinanako ndipo mumuleze mtima. Milungu yoyambirira dothi lisaume, ndipo zulani udzu wachilendo ndi manja usanakhwime. Tchingani ndi minga kapena mpanda wa bango, chifukwa mbuzi ikakoka kadutswa kosazika mizu imazula konse.

Potchetcha, kapinga amafuna kufupikitsidwa, masentimita 3 kapena 4, ndipo mukamamudula pafupipafupi ndi pamene amathinana. Buffalo, LM ndi bahia asiyeni atalikeko, masentimita 5 mpaka 8. Pa mtundu uliwonse musachotse kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake nthawi imodzi, ndipo kukatentha kwambiri onjezerani msinkhu kuti masamba aphimbe dothi. Chikwakwa chikhale chakuthwa. Chobuntha chimang'amba masamba, nsonga n'kuyera. Ndi chikwakwa n'kosavuta kukanda pansi, zimene kapinga amakhululuka koma buffalo ayi. Udzu wodulidwa ukakhala waufupi usiyeni pomwepo uwole, ukakhala wautali mupatse ziweto.

Feteleza safunika wambiri. Kilogalamu imodzi ya urea ikwanira bwalo la mamita 10 ndi 10, kamodzi mvula ikakhazikika ndi kamodzinso cha mu Febuluwale. Muwaze udzu uli wouma masamba koma dothi lili lonyowa, kenako muthirire kuti alowe, apo ayi amawotcha. M'chilimwe, pa udzu wosathiriridwa, musathire feteleza. Pamalo a mchere manyowa ndi abwino kuposa feteleza, ndipo phulusa musamathirepo.

Adani akuluakulu ndi awiri. Chiswe chimadula udzu m'chilimwe n'kusiya zigamba zoyera zozungulira, ndipo chimakonda pamene pali udzu wouma wowunjikana, ndiye kupalasa zinyalala ndi theka la mankhwala. Ntchembere zandonda, zimene zavutitsa alimi a chimanga m'dziko muno kuyambira cha m'ma 2017, zimadyanso udzu wanthete m'dzinja. Mukaona chigawo chikuoneka ngati chametedwa usiku umodzi, sakanizani sopo pang'ono m'ndowa ya madzi, muthire m'mphepete mwa chigambacho madzulo, ndipo ngati zilimo zituluka pamwamba pasanathe mphindi zochepa. Pabwalo laling'ono nkhuku zimazitola n'kuzimaliza. Zikachuluka funsani alangizi a zaulimi a m'dera lanu za mankhwala oyenera, ndipo ana ndi ziweto asayandikire pamalopo kufikira masiku olembedwa pabotolo atakwana.